Batani Lobiriwira Limene Linalumitsa Alamu Anga

Abale anga, inu khalani pansi, ine ndiyankhula chiimirire. Ena mwa inu mukundidziwa. Ndine Mateyu, mwana wa a Phiri a ku komboni ya kuseri kwa damu, aja ankasamala agalu a mzungu purazi, famu ija, isanagawidwe. Ena munandionapo nditagona kuseri kwa chigayo ku Mvurwi, dzuwa likuswa mtengo, nsapato imodzi palibe. Ngati munandiona tsiku limenelo musachite manyazi kundiyang'ana. Ndinali ine ndithu.

Abusa andipempha kuti ndinene za mowa, ndipo ndinena. Koma mowa unabwera pambuyo. Chimene chinandigwetsa ndi bodza, ndipo bodzalo linayambira pa batani la pafoni.

Ine sukulu ndinkakhoza. Mpingo unandithandiza mpaka ndinakafika ku Harare, kumene ndinaphunzira zamakompyuta. Kumeneko ndinasiya kuyankhula Chichewa. Anzanga akamaseka Mabhurandaya, dzina lonyoza ife Achewa a m'mapurazi, ine ndinkaseka nawo, mokweza kuposa onse, kuti asandifunse kwathu. Nditamaliza ndinapeza ntchito pa kakampani ka mayi wina wachishona, a Rumbi. Tinalipo anayi m'kachipinda kamodzi. A Rumbi ankafuna kupanga apu ya pafoni ya anthu a kumayadi, aja ali ndi agalu koma alibe nthawi yowayendetsa. Ndikuona ena mukuseka. Inenso ndinaseka nditamva koyamba. Koma kumeneko galu amatsekeredwa mumpanda tsiku lonse, ndiye mwini wake amafuna munthu woti abwere, amumange chingwe, ayende naye mumsewu ola limodzi, n'kumubweza. Mwini galu amadina pafoni, woyendetsa galu amalandira uthenga pafoni yake, n'kuvomera ntchito.

Zamkati mwa apuyo ankalemba anzanga awiri. Ntchito yanga inali kukonza zimene munthu amaona ndi kukhudza: batani likhale pati, likhale la mtundu wanji, mawu akhale otani, ukadina apa chituluke n'chiyani. Mbali ya eni agalu ndinaikonza miyezi itatu. Inakongola. Munthu ankaika chithunzi cha galu wake, kusankha tsiku ndi ola, kuona nkhope ya womuyendetsera, kenako kumupatsa nyenyezi ngati wakhutira. Mbali ya oyendetsa agalu ndinaikonza masiku awiri. Ndinkati amenewo chimene akufuna ndi ntchito basi, ena onse ndi manyado.

Ndinaika batani lalikulu lobiriwira lovomerera ntchito. Pamwamba pake ndinaika wotchi yowerenga masekondi makumi atatu, kuti munthu akachedwa kudina ntchito ipite kwa wina. Imeneyo inali nzeru yanga ndipo ndinkainyadira, chifukwa eni agalu sankadikira. Zimene mwini galu walemba za khalidwe la galu wake ndinazibisa pansi penipeni, kuseri kwa kabatani kotuwa ka mawu a Chingerezi, kuti sikirini izioneka yoyera.

A Rumbi anandiuza kuti ndipite ndikakhale ndi oyendetsa agalu, ndiwapatse foni, ndione ngati akumva. Sindinapite. Ndinkaopa kuti pakati pawo papezeka wa kwathu, andiyankhule Chichewa anzanga akumva. Ndinakhala mu ofesi n'kulemba lipoti loti ndayesa ndi anthu ndipo onse akuti zili bwino.

Nthawi imeneyo achimwene anga anali atamwalira. Anasiya akazi awo, a Nabanda, ndi ana atatu. Alamu angawa ankakhalira maricho, ganyu wosankha fodya m'mapurazi atsopanowa, lero apa mawa apo. Ndi ine amene ndinawaitana ku Harare. Ndinati, "Alamu, kuno ntchito ndi yopepuka, kungoyenda ndi galu." Iwo agalu sankawaopa, anakhala nawo pafupi ku komboni kuno. Anasiya ana kwa bambo anga, n'kubwera. Ndinawaikira apu pa kafoni kawo, n'kuwauza kuti, "Mukaona chobiriwira dinani msanga." Ku ofesi sindinanene kuti ndi abale anga.

Anagwira bwino masabata angapo. Tsiku lina anavomera ntchito ku nyumba ina yampanda wautali. Mwini galu anali atalemba kuti galu wake safuna kugwidwa pakhosi ndi mlendo, adikire wantchito wa pakhomopo ndiye amumange chingwe. Mawuwo analimo mu apu, kuseri kwa kabatani kotuwa kaja. Alamu sanawaone. Geti linatseguka lokha, galu anabwera, iwo anawerama kuti amukole chingwe. Anawaluma dzanja lamanja, ndipo sanasiye mpaka wantchito uja atathamangira ndi fosholo.

Mawa lake a Rumbi anatisonkhanitsa. Anafunsa kuti, "Chenjezo linalipo, nanga mayiyu sanalione bwanji?" Onse anandiyang'ana. Ndinayankha m'Chingerezi, bwinobwino, osagwedera. Ndinati, "Anthu amenewa sawerenga. Ngakhale muwalembere chachikulu bwanji, amangodina."

Ndi mawu amenewo, abale anga. Akazi a achimwene anga ali gone kuchipatala, ine ndikuwatchula kuti anthu amenewa. Anawachotsa pa apu ngati munthu wosasamala. Nditapita kukawaona ndinawauza kuti kampani ndiyo yagamula, ine ndinayesetsa kuwaikira kumbuyo. Anandithokoza. Atatuluka m'chipatala ndinawakweza basi ya ku Mvurwi, dzanja lili m'bandeji, ndipo ndili pa siteji pompo ndinagula botolo langa loyamba la tumbwa, tija timabotolo totchipa tonunkha ngati mankhwala opopera fodya.

Kuchokera pamenepo zinathamanga. Ndinkamwa ndikaweruka, kenako pa nkhomaliro, kenako ndisanalowe mu ofesi. Foni ikalira ndinkadzidzimuka, kuganiza kuti wina walumidwanso. Ndinkadziwa kuti sikirini ija ikadali momwemo, koma kuikonza kukanakhala kuvomera kuti ndi ine. Ndiye ndinkangoiyang'ana, n'kutseka laputopu. A Rumbi si munthu wogona. Anapita okha kwa oyendetsa agalu n'kufunsa kuti ndani anakhalapo ndi Mateyu poyesa apu. Panalibe ndi mmodzi yemwe. Anandiitana, lipoti langa lili patebulo, n'kunena kuti, "Tenga katundu wako." Sanakalipe n'komwe.

Ndinabwerera ku Mvurwi koma ku komboni sindinafike. Ndinakhala m'tauni miyezi inayi, kugona kwa aliyense amene wandimvera chisoni. Laputopu ndinagulitsa. Ndinkanyamula matumba a chimanga pachigayo, chimene ndapeza n'kumwera. Ndikaona mayi wa chitenje chofiira ngati cha alamu ndinkalowa m'kanjira. Ndikaona wapolisi ndinkati wabwera kudzandigwira. Galu akauwa kuseri kwa mpanda, thukuta. Kudya kunkandikanika. Ndinkamwa kuti manja asiye kunjenjemera, mowa ukatha m'thupi n'kumanjenjemera kuposa poyamba. Amene muli m'chipinda chino mukudziwa chimene ndikunena, sindichita kufotokoza.

Amene anandipeza kuseri kwa chigayo ndi bambo. Anayenda wapansi kuchokera ku komboni, ndi ndodo yawo. Ndinadzuka ataimirira pamutu panga. Sanandifunse za nsapato. Anangoti, "Dzuka. Alamu ako akukufuna."

Ndinati, "Bambo, ndibwera mawa."

Anati, "Ine ndikhala pano mpaka mawalo."

Anakhaladi pansi, munthu wamkulu, pafumbi la gaga, anthu akudutsa. Ndinadzuka.

Njira yonse ndinkakonza zonena. Ndinkati ndiwauza kuti ndinadwala, ndiwauza kuti kampani inatha. Tinafika chakumasana pa chigafa chosankhira fodya cha purazi yapafupi ndi kwathu. Azimayi anali mkati. Alamu anali panja, akusesa, chifukwa kusankha ndi kumanga fodya sakanathanso. Tsache anagwira ndi dzanja lamanzere. Lamanja linali ndi zipsera kuyambira pachikhatho mpaka pamkono, zala ziwiri zitauma, zosapindika.

Anatipatsa moni mwaulemu wonse, kufunsa ngati ndadya. Kenako anamasula nsonga ya chitenje n'kutulutsa kafoni kawo kaja, kagalasi kong'aluka pakona. Apu inali ikadalimo, ndipo ntchito zakale zinkaonekabe. Anatsegula ya tsiku lija n'kundipatsa.

Anati, "Alamu, akuti ine sindinawerenge. Sukulu ndinalekeza panjira, koma Baibulo ndimawerenga, Chishona ndimawerenga. Mundionetse pamene ndinayenera kuwerengapo. Foni inkandipatsa masekondi makumi atatu. Inunso ndikupatsani omwewo."

Anayamba kuwerenga. Modzi, wiri, tatu, mosafulumira.

Ndinayang'ana pafoni. Dzuwa linkawala pagalasi, sindinkaona kanthu koma chobiriwira chija. Ndinatchinga ndi dzanja. Ine ndinakonzera apu imeneyi pa kompyuta yaikulu, mumthunzi, ndipo foni yanga yoyesera inali yaitali. Pa kafoni kawo kabatani kotuwa sikankaoneka n'komwe, kanakankhidwira pansi. Ndinakoka ndi chala, foni inaima kaye, ikuganiza. Iwo anali pa khumi ndi zisanu. Ndinakokanso, inalumpha n'kupitirira. Ndinadina polakwika, panatseguka mapu. Ndinabwerera. Ndinkamva bambo akupuma kumbuyo kwanga. Azimayi a m'chigafa anali atasiya kucheza. Kabatani kaja ndinakapeza, kali pamng'alu penipeni, ndinadina, kachizindikiro kanayamba kuzungulira kudikira netiweki.

"Makumi atatu," anatero alamu. Anatenga foni yawo m'manja mwanga. "Galu wakulumani, alamu."

Ndinakhala pansi pomwepo. Ndinati, "Alamu, si kampani. Ndi ine. Ndinanena kuti simuwerenga. Ndinanamanso kuti ndinayesa ndi anthu."

Anati, "Ndikudziwa. Abwana anu anandiimbira foni atakuchotsani. Anapepesa."

"Ndiye munkadziwa nthawi yonseyi?"

"Ndinkadikira kuti ndimve pakamwa panu."

Ndinalira pamaso pa azimayi onse aja. Ndinkayembekeza kuti anena kuti andikhululukira kapena anditemberere, chimodzi mwa ziwirizi, kuti nkhani ithe. Sananene chilichonse mwa izo. Anakhala pa chitini n'kunena kuti, "Dzanja ili lapita, misozi yanu singalibweze. Koma kuli anzanga kumene kuja akudinabe chobiriwiracho. Abwana anu anakulitsa timawu tija, koma wotchi ikadalipo, ndipo munthu wanjala sawerenga wotchi ikuthamanga. Ukafika pageti n'kuona kuti galu si wabwino, ukabwerera amakuchotsera nyenyezi. Ndiye anthu amalowa, akuopa. Inu mukumwa tumbwa kuno, iwo akulowa m'mageti. Chimene munamanga, ndi inu mukudziwa pomasulira."

Pamenepo bambo anayankhula. Anati, "Ine agalu ndawasunga kuyambira iwe usanabadwe, ndipo sanandilumepo. Si mankhwala. Galu wachilendo ndisanamuyandikire ndinkafunsa mwini wake: analumapo munthu? Amadana ndi chiyani? Amamumanga ndani? Iwe unapanga chinthu cha agalu, bambo ako ali moyo, osandifunsa. Safunsa anadya phula. Koma apa wadya ndi wina."

Tsopano ndinene mmene ndinabwererera, chifukwa ena mwabwera kudzamva zimenezo. Sizinachitike tsiku limodzi, ndipo sindikunamizani kuti ndinangopemphera ludzu n'kutha.

Choyamba ndinagona ku komboni, m'nyumba ya bambo, osabwerera kutauni. Mawa lake anandiperekeza ku kiliniki. Ndinauza anesi zoona, kuchuluka kwa zimene ndinkamwa, osachepetsa. Anandichenjeza kuti munthu womwa chotero kusiya mwadzidzidzi payekha n'koopsa, ndiye anandipatsa mankhwala n'kundiuza masiku obwerera. Sabata yoyamba ndinkasanza, ndinkaona ngati khoma likuyenda. Ndinagwa kamodzi, ndinamwanso, mwezi wachiwiri, pa maliro. Ndinabwera m'chipinda chino Lachitatu lotsatira n'kunena. Ena a inu munalipo. Mukagwa, nenani msanga, bodza lisanamere mizu.

Chachiwiri ndinalemba kalata kwa a Rumbi, ndi dzanja, chifukwa laputopu ndinalibe. Sindinapemphe ntchito. Ndinalemba zimene ndinachita, ndinalemba kuti a Nabanda ndi akazi a achimwene anga, ndiponso kuti ine ndine Mchewa wa ku komboni. Kalatayo inakhala m'thumba masiku asanu ndikuopa kuitumiza. Bambo ndi amene anandilanda n'kukapatsa wa kombi, minibasi ya ku Harare.

Kenako ndinayamba kujambula. Ndinapempha mapepala okulungira mabelo a fodya, kuwadula kukula ngati kafoni ka alamu, n'kumajambulapo sikirini ndi pensulo. Nthawi yopuma ndinkapita kuchigafa, kupatsa mayi mmodzi kapepala, panja padzuwa, n'kunena kuti, "Tiyerekeze iyi ndi foni, ntchito yabwera, mutani?" Ndiye ine n'kutseka pakamwa. Kutseka pakamwako ndiye kunali kovuta. Ankandiseka. Mayi wina anazondotsa pepala n'kuti galu amene ndajambula akuoneka ngati mbuzi. Wina anati, "Bwanji foniyo isangoyankhula?" Ine zaka zonse za sukulu sindinaganizepo zimenezo.

Pepala lomaliza linali lotere. Ntchito ikabwera, choyamba kuoneka ndi nkhope ya galu, ndi mayankho a mafunso atatu a bambo aja, amene mwini galu sangalumphe polembetsa. Galu amene analumapo amazunguliridwa ndi chofiira. Pali batani loti foni ikuwerengere mokweza, m'Chichewa kapena m'Chishona. Wotchi ndinachotsa. Chobiriwira sichidinika munthu asanaone kapena kumva chenjezo. Ndipo alamu anawonjezera chawo: batani loti ukafika pageti n'kuona kuti sizili bwino, udine kuti wabwerera, popanda kuchotseredwa nyenyezi.

Amene anapita nawo mapepalawo ku Harare ndi alamu eni ake. Ine ndinatsala, kudikira, kuyang'ana msewu ngati mwana. Anabwerako patatha masiku awiri n'kuti, "Alandira mapepala. Inu sanakulandireni." Zinandiwawa, koma zinali zoyenera. Panapita miyezi a Rumbi asanandiimbire. Tsopano amandipatsa ntchito pang'onopang'ono, ndimagwirira konkuno pa laputopu ya kampani, ndipo chilichonse chimene ndajambula chimayamba chadutsa m'manja mwa a Nabanda. Iwo ndi amene amaphunzitsa oyendetsa agalu atsopano. Mawu a Chichewa amene amayankhula mu apu ndi awo. Zala zija sizinapindikebe. Tikamadya limodzi ndimaona mmene amavutikira kutema nsima.

Ndithere ndi za sabata ino, chifukwa sindikufuna muganize kuti ndaima pano ngati munthu amene wawoloka. Lachiwiri bambo wina woyendetsa agalu anafika pageti, anaona galu akuchita thovu ndi ukali, anadina kuti wabwerera. Mwini galuyo ndi munthu wodziwika kumayadi, ndipo wakwiya. Akuti achoka pa apu ndi anzake onse ngati batani limenelo silichotsedwa. A Rumbi andiitana Lolemba ku ofesi, pamaso pa anzanga aja, kuti ndinene maganizo anga. Ndi chipinda chomwe chija ndinanameramo. Kampani ndi yaing'ono, makasitomala akachoka ntchito yanga ndiyo yoyamba kutha, mwinanso ya alamu. Kuyambira Lachiwiri chakudya sichikulowa. Dzulo ndinapezeka ndaima pakhomo pa shabini, sindikudziwa kuti miyendo inandifikitsa bwanji. Ndinaima pamenepo nthawi ndithu, kenako ndinapita kwa alamu n'kuwauza kumene ndachokera.

Anandifunsa kuti, "Ndiye Lolemba mukanena chiyani?"

Ndinati, "Ndikanena kuti batani likhale."

"Akakuchotsani?"

"Andichotse. Koma ndikuopa, alamu. Ndikuopa kuti ndikakaona maso awo pakamwa panga padzatuluka zina."

Anayang'ana dzanja lawo, kenako ine. Anati, "Kombi yoyamba imanyamuka mamawa. Ndikhala pampando wa pambali panu, ndipo mu ofesimo ndilowa nawo. Mukanene ndili pomwepo."

Ndiye abale anga, chopempha changa ndi chimodzi. Musandipempherere kuti ntchito ikhale. Lolemba dzuwa likamakwera, kulikonse kumene mudzakhale, kaya m'munda kaya pachigayo, mundipempherere kuti ndikanene zoona. Abusa, ndathera pamenepa.